Zofiirira za pa tayala zimachokera m'kati: zimene ndamvetsa pa nkhani ya dressing

Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Chiyambireni kuphunzira detailing (kutsuka ndi kukongoletsa galimoto mosamalitsa) pa car wash yomwe ndimagwira kuno ku Lilongwe, palibe chimene chinkandizunguza mutu kuposa matayala. Penti ndinaimvetsa msanga, magalasi sanavute, m'kati mwa galimoto mumangofunika kuleza mtima. Koma tayala umalitsuka, kulipaka dressing (mankhwala odetsa ndi kuwalitsa tayala), n'kuda bii mpaka mwini galimoto kusekerera. Akabweranso Loweruka linalo lafiirira, ndipo funso lake limakhala lomwelomwelo: "Achimwene, kodi polishi wanu uja ndi weniweni?"

Za kutsuka ndi ndowa ziwiri, ina ya sopo ina yotsukuluzira, kapena zoti timayamba marimu ndi matayala tisanakhudze bodi, sindinenapo. Amene mukuwerenga izi mumazidziwa kale. Chimene chanditsegula mutu ndi chimodzi: zofiirira zija zambiri zimachokera m'kati mwa tayala momwemo, ndipo opanga matayala anachita kukonza kuti zizitero.

Amene munadutsapo pa Vizara ku Nkhata Bay munaona kuti utomoni wa mitengo ya mphira ndi woyera mbee. Kuda kwa tayala kumabwera ndi carbon black, mwaye wosalala umene amathira kuti labala alimbe komanso asawonongeke msanga ndi dzuwa. Koma dzuwa si mdani yekhayo. Mumpweya muli mtundu wina wa gasi wotchedwa ozone, wochepa kwambiri, koma amadya labala pang'onopang'ono. Timing'alu tating'onoting'ono timene timaona m'mbali mwa matayala akale ndi ntchito yake. Pofuna kutchinjiriza, opanga amasakaniza sera ndi mankhwala ena mu labala, ndipo odziwika kwambiri ndi 6PPD. Mankhwalawa sakhala malo amodzi. Amasuntha kuchoka m'kati kubwera pamwamba, makamaka tayala likamagudubuzika, kupindika ndi kutentha. Akafika pamwambapo amakumana ndi ozone, ndiye ozone amadya iwowo m'malo modya labala. Zotsalira zake ndi zija zofiirira. M'mavidiyo a akatswiri amazitchula kuti blooming.

Ndiye kuti tayala lofiirira ndi tayala limene likudziteteza. Mfundo imeneyi ndakhala ndikuitembenuza m'mutu mlungu wonse, ndipo ndikaitembenuza ikumandiyankha funso lina. N'chifukwa chake tayala latsopano, longotuluka kumene m'shopu, nalonso limafiirira. N'chifukwa chake galimoto yomwe yaima nthawi yaitali pa galaja kudikira injini imang'aluka matayala pomwe mano ake adakali athunthu: tayala silikuyenda, mankhwala sakukwera bwino pamwamba. N'chifukwa chakenso magalimoto awiri opakidwa botolo limodzi tsiku limodzi amabwerera osiyana, chifukwa kampani iliyonse ili ndi kasakanizidwe kake ka labala. Kale zonsezi ndinkaziona ngati nkhani zosiyana, ina ya polishi, ina ya dzuwa, ina ya mwayi. Ndi nkhani imodzi.

Pofufuza dzina la 6PPD ndinapezanso kuti mu 2020 akatswiri a ku University of Washington anatulukira kuti mankhwalawa akakumana ndi ozone amasanduka 6PPD-quinone, amene amakokoloka ndi mvula kuchoka m'misewu n'kumapha nsomba za coho salmon m'mitsinje ya kufupi ndi Seattle. Kuyambira pamenepo madzi ofiirira amene timakankhira m'ngalande ndimawayang'ana ndi diso lina. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Ukamvetsa izi, funso la kusankha dressing limasintha. Usanafunse kuti botolo liti limadetsa kwambiri, uyambe wafunsa kuti ukupaka pamwamba pa chiyani. Kupaka dressing pa tayala lomwe lili ndi blooming, fumbi la mabuleki ndi dressing wa mlungu watha kuli ngati kudzola mafuta osasamba: uwala ndithu m'mawa, koma pofika masana litsiro laonekera, ndipo lakakamira kuposa poyamba. Dressing sanagwire labala, wagwira litsiro, ndipo litsiro likachoka amachokera limodzi.

Kutsuka kwake kuli chonchi. Tayala likhale lozizira, osati galimoto yangofika kumene kuchokera pa M1. Ndimalinyowetsa, kupopera degreaser (mankhwala ochotsa mafuta ndi litsiro) wosungunula ndi madzi, kudikira pang'ono, kenako bulashi yolimba. Thovu loyamba limatuluka lofiirira kwambiri, n'kumatsetsereka pa rimu. Ndimatsukuluza, kupoperanso, kukwechanso. Ulendo uliwonse thovu limanka liyera, ndipo ndimasiya likatuluka loyera. Malo ovuta ndi m'zilembo za dzina la tayala, m'timizere tating'ono tam'mbali tija, ndi pamphako pomwe tayala limakumana ndi rimu. Kunsi komwe kwakhudza simenti bulashi siifika, ndiye galimoto isunthidwe pang'ono. Likauma, tayala loyera limaoneka lotuwa, losawala ngakhale pang'ono, moti munthu wosadziwa amaganiza kuti mwaliwononga. Koma pititsanipo chala. Sichiterera, sichinanda, ndipo chimachoka choyera. Pamenepo ndi pamene pali labala weniweni.

Tsopano mabotolo. M'mashopu muli mayina ambiri, koma mitundu yake ndi iwiri. Wina ndi wa solvent, ndiye kuti wosungunulidwa ndi mafuta: woonekera ngati madzi kapena wa gel, wafungo longa palafini, nthawi zambiri wa m'chitini chopopera. Amawala ngati tayala lanyowa, ndipo mvula siimuchotsa msanga. Wina ndi water-based, wosungunulidwa ndi madzi: woyera, wopanda fungo lamphamvu, amauma n'kusiya tayala lakuda mofatsa. Chimene sindinkadziwa n'chakuti ambiri mwa onsewa ali ndi silicone, mankhwala oterera amene amawalitsa tayala. Kusiyana kwake kuli pa chimene chanyamula silicone uja, kaya ndi madzi kapena mafuta ochokera ku petroleum, komanso pa zimene zimatsala pamwamba chonyamulacho chikauluka.

Kwa ife kuno nkhani yonse yagona pa fumbi. Galimoto ikachoka pa car wash mwezi wa Okutobala, phula imaliponda mphindi zochepa, kenako yakhotera msewu wafumbi wopita kunyumba ku Area 25 kapena ku Kauma. Chilichonse chonanda pa tayala chimatola katondo yense wa mumsewumo. Dressing wonyezimira uja, amene amakongola kwambiri pa chithunzi, ndi amene amafika kunyumba atasanduka phala lofiira. Palinso kumwaza: mukapaka wambiri n'kulola galimoto kunyamuka asanaume, amathothokera m'mbali, ndipo pa Sienta yoyera mudzaona timadontho takuda kuseri kwa tayala lililonse. Timadonthoti tikakhalitsa pa bampa ya pulasitiki timavuta kuchotsa.

Ine ndagwa m'chikondi ndi water-based wosungunula, ndipo kwa ine palibenso china. Botolo limodzi limakupatsa maonekedwe onse. Meguiar's Hyper Dressing, mwachitsanzo, amalola kuthira madzi mpaka magawo 4 pa gawo limodzi la mankhwala. Ukathira madzi ofanana ndi mankhwala tayala limawala kwambiri, ukachulukitsa madzi limangoda ngati latsopano. CarPro Perl nayenso ndi wosungunula chimodzimodzi. Amene muli ndi abale ku Joni mukudziwa kuti mabotolo otere amabwera bwanji, ndipo popeza amasungunuka, botolo limakhalitsa. Sindipopera pa tayala, kuopa kuti nkhungu yake ingafike pa diski ya mabuleki. Ndimadontheza pa kasiponji, kupaka mopyapyala kuzungulira tayala lonse, kulowetsa m'zilembo, n'kupita kukapukuta magalasi. Ndikabwerera ndimadutsitsapo kansalu kouma kuchotsa zotsalira. Kansalu kameneka ndiye chinsinsi chonse. Wofuna kuda kwambiri ndimamuwonjezera ulendo wachiwiri, wopyapyalanso. Anzanga amati dzinja likafika water-based amachoka ndi mvula yoyamba. N'zoona, amachoka. Koma m'dzinja tayala limakhala m'matope, palibe dressing amene angalikongoletse, ndipo chinthu chochoka mosavuta chimapepukitsa ntchito yotsuka ulendo wotsatira. Ndingapake water-based chaka chonse osadandaula.

Zina zimene timaziona zikupakidwa pa matayala m'ma car wash athu ndingodutsapo msanga. Oyilo wakuda wochotsa mu injini amafewetsa ndi kutupitsa labala. Mafuta a mabuleki akadonthera pa penti amaidya. Madzi a shuga ndi zakumwa zozizilitsa kukhosi zimawalitsa ola limodzi, kenako fumbi ndi nyerere. Polishi wa nsapato amakwirira blooming n'kuuma m'zilembo, wotsuka pambuyo pake ndi amene amavutika. Pa mano a tayala, pomwe limaponda msewu, pasafike kanthu. Ndipo anyamata a kabaza akabweretsa njinga yamoto, tayala lake ndimangotsuka basi, chifukwa njinga ikapendekeka pokhota imaponda ndi m'mbali momwe tikanapakamo. Amene car wash yanu yayandikana ndi malo opopera penti samalaninso: silicone wouluka ndi mphepo akatera pa bodi yodikira penti, pentiyo imachita timaenje tozungulira. Pali dressing wopanda silicone wopangidwira malo otere.

Chimene chimandiwawa n'chakuti zonsezi akanatha kundiuza pa mphindi zisanu. Akulu amene anandiphunzitsa ntchito ndimawalemekeza, manja awo pa makina opolishira penti ndi odalitsika. Koma nditawafunsa chifukwa chake matayala amafiirira anangoti, "Mphwanga, kasitomala amayang'ana kuwala, paka basi." Nditawaonetsa thovu lofiirira lija anati ndikutha degreaser. Sindiwaimba mlandu kwenikweni, nawonso anaphunzira chomwecho, poonera. Koma ntchito yathuyi timaphunzitsana manja okha, chifukwa chake sitiuzana, ndiye munthu ukakumana ndi tayala losiyana ndi la dzulo umasowa pogwira. Pa intaneti napo pali zake. Bandulo imathera pa mavidiyo a anthu amene galimoto zawo zimagona m'galaja ya simenti n'kumayenda pa phula pokhapokha, ndipo ambiri cholinga chawo ndi kukugulitsa botolo. Kuti upeze mmodzi wofotokoza za ozone uyenera kudutsa ambiri ongoonetsa tayala likunyezimira. Nthawi nayo palibe. Loweruka magalimoto amandandana mpaka pa geti, mwini wake waima pambali makiyi ali m'manja, iwe ukufuna tayala liume kaye usanapake. Ukauzira ndi mpweya wa kompresa zimafulumirako, koma magetsi akazima ndiye kudikira dzuwa.

Phindu lina lomwe sindinaliyembekezere: popeza tsopano ndimakwecha mpaka labala aonekere, ndimaona zomwe dressing amabisa. Pambali pa tayala pali zilembo zoyamba ndi DOT, ndipo manambala anayi omaliza amanena sabata ndi chaka chomwe linapangidwa. Mukaona 2319, ndiye sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Michelin imalangiza kuti tayala likapitirira zaka 5 liziunikidwa chaka chilichonse, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Kuno ambiri timagula matayala ogwirapo kale ntchito, ndipo magalimoto ochokera ku Japan ena amabwera ndi matayala okalamba. Ndikaona ming'alu ndimaitana mwini wake ndisanapake chilichonse: "Bwana, taonani apa." Ena amathokoza, ena amati ndingopaka. Koma aona.

Pomwe ndasowa pogwira ndi apa. Michelin yomweyo, m'malangizo ake a matayala a magalimoto akuluakulu ogonamo apaulendo aja, imati potsuka pakhale sopo wofatsa ndi bulashi yofewa, ndipo imachenjeza za dressing wokhala ndi petroleum, alcohol kapena silicone. Silicone ali m'gulumo, ndipo water-based wanga wokondedwa ali naye. Bulashi yanga si yofewa. Ndiye ndikaganiza bwino, zofiirira zimene ndimakondwa kuzichotsazo zimachoka limodzi ndi sera amene amatchinga tayala, ndipo mankhwala otsala m'kati ali ndi polekezera. Kodi kasitomala wobwera mlungu uliwonse, ndikamamukwechera mpaka thovu loyera ulendo uliwonse, ndikumuthandiza kapena ndikufupikitsa moyo wa tayala lake kuti likongole? Pakadali pano ndimakwecha kwambiri galimoto ikabwera koyamba, maulendo otsatira ndimangodutsitsa shampu ndi bulashi mopepuka, degreaser ndimabwerera naye kufiirira kukachuluka. Kaya kuchuluka kwake kuyambire pati, sindinagwirizane nawo mtima wanga. Palinso bambo wina wa Hilux amene amafuna tayala lonyezimira ngati lanyowa, ndipo lakuda mofatsali amati sindinapake kanthu. Galimoto ndi yawo, ndalama ndi zawo. Loweruka likubwerali abweranso, ndipo sindinasankhe ngati ndiwatulutsire chitini chopopera chija kapena ndiyese water-based wosathira madzi, ndione ngati angakhutire.