Zomwe klorokwini wandiphunzitsa pa kawerengedwe

Ndili m'chaka chachitatu ku yunivesite, ndipo tchuthi chino ndachithera kwathu ku Nsanje ndi nkhani imodzi yokha ya kafukufuku. Anzanga amati ndimachedwa. Iwo amangowerenga chidule cha pamwamba n'kuthamangira pepala lina. Ine ndaona kuti mnofu uli m'kati, pomwe ofufuza amafotokoza momwe anasankhira odwala ndi momwe anayezera magazi.

Nkhani yake ndi ya klorokwini. Akuluakulu akumukumbukira, mapiritsi owawa aja omwe ankayabwitsa ena thupi lonse. Mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba Fansidar, chifukwa tizilombo ta malungo tinali titasiya kumumva. LA amene tikumwa leroyu anabwera mu 2007.

Chomwe chinandigwira mtima ndi zomwe zinachitika pakati apo. Kachilombo kosamva klorokwini kali ndi kusintha pang'ono mu jini (kachidutswa ka malangizo achibadwa a chamoyo) yotchedwa pfcrt, komwe kamakathandiza kutulutsa mankhwalawo pamalo pomwe amayenera kugwira ntchito. Ku Blantyre ofufuza anapeza kuti tizilombo tokhala ndi kusinthaku tinatsika kuchoka pa 85 peresenti mu 1992 kufika pa 13 peresenti mu 2000. Atamuyesanso pa ana ku Ndirande mu 2005, klorokwini anachiza pafupifupi 99 mwa 100 alionse, Fansidar 21 okha. Chifukwa chake n'choti kukana mankhwala kumakafooketsa kachilomboko penapake. Mankhwala atachoka, tizilombo tomwe timamumva tija tinayambanso kuchuluka n'kuposa tinzake.

Nditawafotokozera malume anga, anandifunsa kuti, "Nanga bwanji osangomubweza, mphwanga? Si anali wotchipa uja?" Yankho ndinalipeza nditayang'ana kumene tikukhala. Mozambique ili kutsidya kwa Shire pompa, anthu amawoloka pa bwato, ena amadutsa pa chipata cha malire cha Marka, atanyamula tizilombo m'magazi osadziwa. Zotsatira za ku Ndirande n'za ku Ndirande, za chaka chimenecho. Ndipo klorokwini atabwerera yekha popanda mankhwala ena omuperekeza, tizilombo tosamumva tingachulukenso msanga.

Kuwerenga kotereku kwasinthanso momwe ndimakhalira mu labu. Kupaka dontho la magazi pagalasi, kulithira utoto wa Giemsa kuti tizilombo tioneke, kuwerenga tizilombo poyerekeza ndi maselo oyera 200, kale ndinkaona ngati ntchito yongopezera malikisi. Tsopano ndikudziwa kuti manambala a m'mapepala aja amachokera pa maso a munthu amene wakhala pa maikulosikopu mpaka khosi kuuma.

Sukulu ikatsegulidwa ndikufuna ndikapemphe aphunzitsi anga kuti pulojekiti yanga yomaliza ikhale ya magazi a kuchigwa kuno, Chikwawa ndi Nsanje. Choyamba ndiyenera kuphunzira PCR, njira yochulukitsira majini mu labu kuti ayezedwe, ndi kulemba pempho la chilolezo ku komiti yoona zoti kafukufuku asapweteke anthu.