Robin Hood wa m'nyimbo anali wobwereketsa ndalama

Amene anaonerapo filimu ya Robin Hood, kaya pa DStv kaya pafoni m'kachipinda ka lendi ku Rosettenville, amadziwa nkhani imodzi: bwana walandidwa malo, wathawira m'nkhalango ya Sherwood, akulanda za olemera n'kumagawira osauka podikira kuti Mfumu Richard ibwere kunkhondo. M'nyimbo zakale kwambiri zachingerezi zimene munthuyu anachokeramo, zambiri mwa zimenezi mulibe.

Nyimbozi, pamodzi ndi zina zakale, anazisonkhanitsa Francis James Child pakati pa 1882 ndi 1898. Zonse zilipo 305, ndipo za Robin zimayambira pa nambala 117 kulekeza pa 154. Yaitali kwambiri ndi A Gest of Robyn Hode, imene inasindikizidwa cha m'ma 1500, ya ndime 456 m'magawo asanu ndi atatu. Mmenemo Robin ndi munthu wamba womasuka, amapezeka kwambiri ku Barnsdale m'dera la Yorkshire, mfumu yake ndi Edward, ndipo Marian, chibwenzi chake cha m'mafilimu, satchulidwa ngakhale kamodzi. Zomuika m'nthawi ya Richard anayambitsa ndi John Major, wolemba mbiri wa ku Scotland, mu 1521. Ubwana wake unatchuka ndi masewero a Anthony Munday a 1598.

Tsono pamtima pa Gest pali ngongole. Robin ali ndi mwambo woti sadya mpaka papezeke mlendo. Anyamata ake akumubweretsera msilikali wa pakavalo, wosaukiratu, zovala zili nyankhalala. Atatha kudya, Robin akumuuza kuti alipire. Iye akuti ali ndi masheleni 10 okha. Little John, mmodzi wa anyamatawo, akuyala chovala pansi, kukhuthula katundu wa mlendoyo, n'kupezadi masheleni 10. Kenako nkhani ikutuluka: mwana wake anapha munthu, ndipo pofuna kumuwombola anapereka malo ake ngati chikole kwa mkulu wa amonke a St Mary's ku York, pa ngongole ya mapaundi 400. Tsiku lobweza lafika. Robin akumubwereka ndalamazo kwa chaka chimodzi, ndipo womuimira pa ngongoleyo ndi Maria Virigo basi.

Chaka chitatha, anyamata aja akugwira mmonke wosunga chuma cha nyumba yomwe ija. Iye akunama kuti ali ndi tindalama tochepa, koma m'katundu mwake mukupezeka mapaundi 800. Robin akuti Maria wabweza kawiri, n'kutenga zonse. Lamulo lake ndi lomweli: ukanena zoona zako sizikhudzidwa, ukanama zapita. Amene anasiyapo pasipoti kapena khadi la kubanki kwa mashonisa (obwereketsa ndalama) kuno ku Joni, kapena anaonapo munda ukupita chifukwa cha katapila kumudzi, nkhaniyi sangafune woimasulira.

Nkhani ya ngongoleyi opanga mafilimu amaidumpha chifukwa kuwerenga ndalama pachovala sikukoka maso ngati lupanga. Filimu ya 1938 ya Errol Flynn inatsamira pa mkangano wa Asakisoni ndi Anomani komanso pa muvi wong'amba muvi unzake, zomwe zinatchuka ndi buku la Walter Scott la Ivanhoe la 1819. Mnzake wa Robin wachisilamu, amene Morgan Freeman anasewera mu 1991, anayamba waoneka pa TV mu Robin of Sherwood mu 1984. Nkhanza nazo amazitsuka. Mu nyimbo ya Robin ndi mmonke, ya cha m'ma 1450, Much, mmodzi wa anyamata a Robin, akudula mutu kamnyamata kantchito kuti kasakaulule. Zimenezo Disney sakanaziika m'katuni yake ya 1973 ija ya nkhandwe.

Magulu a achinyamata a m'mipingo ya Amalawi amene amasaka nkhani ya sewero lalifupi angapindule nayo Gest. Mutenge gawo loyamba, lachiwiri ndi lachinayi. Lachitatu ndi nthabwala ya Little John akugwira ntchito kwa mkulu wa boma wa ku Nottingham, ndipo limasokoneza mzere wa ngongole. Pafunika anthu asanu ndi awiri: Robin, anyamata ake atatu, msilikali, mkulu wa amonke ndi wosunga chuma. Malo ndi awiri, kunkhalango ndi patebulo la amonke. Nthawi yambiri ithere patebulopo, pomwe msilikali akugwada ngati alibe kanthu, kupempha masiku ena, akumukana, ndiye n'kukhuthula thumba. Akafulumira kutulutsa ndalamazo, oonera saona dyera la mkulu uja, ndipo za mapaundi 800 zimangooneka ngati umbava wamba.

Pomasulira m'pamene ambiri amagwa. Ndime yachingereziyi ili ndi mizere inayi, kugunda kwake 4, 3, 4, 3, ndipo mzere wachiwiri ndi wachinayi imathera mofanana. Mawu a Chichewa ndi aatali, ndipo mukawakakamiza mumzere wogunda katatu, woyimba amameza theka. Ndi bwino kuisimba ngati nthano, wina kutsogolera ndi "Padangokhala", gulu n'kumavomera "Tili tonse", nyimbo n'kuisungira malo awiri okha pamene Little John akuyala chovala kuti awerenge. Uta ukhalepo wongonyamula. Muvi weniweni m'holo ya lendi yodzaza ana musauyerekeze n'komwe.