Usiku omwe ndinasanduka namapopa pa Kamwendo

Amene mumaonera mafilimu a ma vampire mukudziwa, chimakhala chimunthu choti chinafa koma chikuyendabe, chimamwa magazi, chimaopa dzuwa ndi adyo, pagalasi sichioneka. Ndiye kagulu kathu ka drama pa Kamwendo kanati tipange sewero lake, vampire wake nkukhala ine. Munthu wake anali wovuta bwanji, akufuna alande ufumu wa bwana wake yemwe anamuluma pakhosi, uku akufuna akhale mfulu akwatire ngati anzake, komanso analumbira kuti bwanayo sadzamuukira. Ndinaulowa udindowu ndi mtima wonse mpaka ndinkalira misozi yeniyeni pa practice.

Gauni yakuda ndinabwereka kwa amalume anga oimbitsa kwaya, atandiuza kuti ikangong'ambika ndisadzapondenso pakhomo pawo. Mano tinasema a chinangwa, kumaso ufa woyera, kukamwa Sobo ya cherry plum.

Practice yomaliza inatha mochedwa akabaza onse ataweruka, ndiye ndinati ndidzere yachidule kumadimba, zovalazi ndikavulira kunyumba. Panjira ndikubwereza mawu anga, manja m'mwamba, mokweza ndithu: "Usiku uno magazi a mudzi uno ndi anga!" Osadziwa kuti kuseri kwa nkhokwe kuli mayi wina akutaya madzi otsukira mbale.

Abale anga kukuwa kwake! "Anamapopaaa!" Ndipo nkhani imeneyi kwathu kuno siyosewera nayo, mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe anthu anaphedwa pongowaganizira, mpaka a UN anachotsako antchito awo. Posakhalitsa zitini zayamba kulira, malikhweru, agalu, matochi a mafoni mbali zonse.

Koma kamphindi koyambako kanandikomera ndithu. Ine amene ngakhale nkhuku za pakhomo sizindipatsa njira, lero madoda a ndevu zawo akugwerana pakhomo pothawa ine! Mwala utandiphonya pakhutu mpomwe ufumu unatha, liwiro. Ndiye gauni ija nkukodwa pa mpanda wa minga wa dimba. Kuvula nkuthawa kunali kosavuta, koma ndikaganiza amalume, mwendo osanyamuka. Ndinagwada pompo kumachotsa munga umodzi umodzi mwaulemu wake, apolisi a m'mudzi akundizungulira ndi zibonga. Ndimati ndikuwe kuti ndine wakonkuno koma chinangwa mkamwa, chimangotuluka ndi "hofu hofu", anthu nkumabwerera m'mbuyo.

Anandipulumutsa ndi agogo ena amene anafika mochedwa ndi ndodo yawo. "Taunikani kumapaziko ananu. Namapopa wanji wovala patapata wosiyana, wina wobiriwira wina wofiira womanga ndi waya? Uyu si mdzukulu wa anaPhiri uyu?" Wapampando wa apolisi aja anandinunkhiza kukamwa nkulengeza kuti ndi Sobo. Ena amakanabe, mpaka ndinachita kutafuna mano anga onse awiri nkumeza anthu akuona.

Mmawa kwa amfumu mlandu unali wosokoneza tulo ta mudzi, chindapusa nkhuku. Ndinagwira tambala wa mayi anga, nawonso akundidikira ndi mlandu wawo. Amfumu anati sewerolo lichitike masana dzuwa likuswa mtengo, iwo akhale kutsogolo ndipo salipira pakhomo. Gauni sinang'ambike, koma amalume anaimbitsa kwaya Lamulungu lotsatira kukhosi kuli mbuu ndi ufa.