Mbande ya mu Malichi ilibe mwayi ku Salima

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imatsegulidwa pa 15 Disembala n'kutsekedwa pa 15 Epulo. Koma kuno m'mbali mwa nyanja, miyezi inayiyi siyofanana. Mbande ziwiri zochokera mu nazale imodzi, ina yodzalidwa sabata ya Khirisimasi ina kumapeto kwa Malichi, pofika Okutobala mudzapeza ina ili biriwiri, ina yasanduka kamtengo kouma koti mwana athyole. Zimawawa kuona machubu mazanamazana akugawidwa mvula ikutsanzika, anthu atathirira miyezi itatu kuti mbandezo zikule.

Chifukwa chake chili pansi pa nthaka. Mvula yathu imagwa kuyambira cha mu Novembala kapena Disembala mpaka Epulo, kenako miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri kulibe dontho. Kamtengo kakang'ono kamapulumuka chilimwe choyamba pokhapokha ngati mizu yake yafika pachinyezi chakuya dothi lapamwamba lisanaume. Kuti itero imafuna miyezi itatu kapena inayi ya nthaka yonyowa. Ya mu Malichi imapeza masabata ochepa chabe, kenako mwera uyamba kuwomba, mchenga wa ku Senga Bay n'kuuma ngati ufa.

Tizikumbukira kuti milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Ku Salima imagwa yopitirira pang'ono mamilimita 1,000 pa chaka, ku Nkhotakota imaposa pamenepo, cha m'ma 1,500, pomwe ku Ngabu m'chigwa cha Shire nthawi zambiri siifika 1,000. Koma chiwerengero cha chaka chonse chimanyenga. Mvula ya mamilimita 80 yogwa usiku umodzi pa nthaka yoguga imathamangira ku mtsinje wa Linthipe kapena wa Bua itanyamula dothi. Yomweyo ikagwa pang'onopang'ono masiku anayi, imalowa. Choncho musadzale pa mvula yoyamba ya chizimalupsa. Kumbani ndi khasu: ngati dothi lanyowa mpaka masentimita 30, nthawi yakwana. Ng'amba ya masabata awiri kapena atatu mu Januwale imapha mbande zodzalidwa pachinyezi cha pamwamba chokha.

Mitengo yachilengedwe inazolowera kale kalendala imeneyi, ndipo uliwonse uli ndi nzeru zake. Mlambe umasunga madzi m'thunthu n'kuyoyola masamba chilimwe chonse. Mitengo ya miombo, monga tsamba ndi mombo za m'nkhalango ya Nkhotakota ndi ya Thuma, imaphuka masamba ofiirira mu Seputembala mvula isanabwere, pogwiritsa ntchito chakudya chosungidwa m'mizu ndi madzi akuya. Nsangu ndiye wosiyana ndi onse: umayoyola masamba m'dzinja, n'kukhala wobiriwira m'chilimwe pamene muzu wake wautali ukumwa madzi a pansi. N'chifukwa chake chimanga chimachita bwino pansi pake, ndipo n'chifukwa chakenso sukondwa pamtunda pouma pomwe madzi ali kutali. Mlombwa waung'ono umauma kumtunda chaka ndi chaka kwa zaka zingapo, uku muzu ukukula. Ambiri amauzula poyesa kuti wafa. Usiyeni, mungoutchinjiriza ku moto.

Kumene kumagwa mvula chaka chonse, monga m'nkhalango za ku Congo, mitengo siyipumula kwenikweni ndipo imalimbirana dzuwa, osati madzi. Kumaiko ozizira chimene chimaimitsa mtengo ndi chisanu. Kwathu kuno ndi chilimwe, ndipo pa thabwa la mlombwa mizere yake imaoneka: wotambalala chaka cha mvula yabwino, wopyapyala chaka cha chilala. Mkungudza wa ku Mulanje ndi paini wa ku Chikangawa zimadalira kuzizira ndi nkhungu za m'mapiri. Kuzibweretsa ku Chipoka n'kutaya ndalama.

Pamchenga ndi pamtunda dzalani keshya, nimu, mtangatanga kapena gilirisidiya. Mbawa ndi mkuyu zimafuna m'mphepete mwa mtsinje. Pamakande pomwe madzi amadikha, vuto limatembenuka: mizu imasowa mpweya n'kuola, masamba achita chikasu ngati kuti asowa madzi, mwini wake n'kuwonjezeranso kuthirira. Pamalo otero undani kachulu ka masentimita 20 mpaka 30 n'kudzala pamwamba pake, ndipo sankhani mthethe umene umapirira chinyezi.

Maenje akumbidwe mu Okutobala kapena Novembala. La mtengo wa nkhuni kapena wa mapolo likhale masentimita 30 mbali zonse ndi kuya komwe. La mango kapena lalanje likhale 60. Dothi lapamwamba liikeni padera, lisakanizeni ndi manyowa owolerana bwino, ndipo ndilo liyambe kubwerera pansi. Manyowa aawisi amawotcha mizu ndipo amaitana chiswe. Ku nazale, masabata atatu kapena anayi musanadzale, chepetsani kuthirira ndi kuchotsa mthunzi kuti mbande zikhwime. Nsangu usakhalitse m'chubu kupitirira miyezi iwiri, chifukwa muzu wake ukapindika pansi pa pulasitiki sudzawongokanso, ndipo mtengo wotero sufika pamadzi akuya.

Mukadzala, tsindirani dothi ndi phazi, kenako konzani kabeseni kotambalala mita imodzi kuti kagwire madzi. Pamalo otsetsereka kakhale ngati mwezi wachisenga, kukamwa kwake kuyang'ane kumtunda. Phimbirani ndi udzu wouma, koma siyani mpata wa chikhatho kuzungulira tsinde. Udzu ukagunda khungwa, chiswe chapeza mlatho. Bulugamu wofooka ndi ludzu ndiye chimamukonda kwambiri. Palirani kawiri kapena katatu m'dzinja, popeza udzu ndiwo umamaliza chinyezi cha pamwamba kamtengo kasanamwe.

Mbande zakufa zilowezedwe m'malo Januwale asanathe. Mitengo ya zipatso yokha ndiyo yoyenera kuisenzera madzi chilimwe choyamba: ndowa imodzi ya malita 20 kamodzi pa sabata, yothira pang'onopang'ono madzulo, imaposa kapu ya tsiku ndi tsiku imene imangoitanira mizu pamwamba. Ndipo udzu ukangouma mu Juni, lambulani mita imodzi kuzungulira mtengo uliwonse osaka mbewa asanayatse moto.