Zishango Zasiliva mu gemu: mphamvu zawo tiziike pati?

Pali cholakwika chimene chimabwerabwera pakati pa ife okonza magulu a asilikali m'magemu a nkhondo zakale. Tikafika pa asilikali a mfumu, dzanja limathamangira kukweza manambala onse nthawi imodzi: kumenya, chitetezo, liwiro, kulimba mtima. Gululo limaoneka bwino ndithu. Koma wosewera akangopeza ndalama amadzaza malo onse 20 a magulu m'gulu lake lankhondo ndi asilikali amtundu umodziwo, ndipo nkhondo iliyonse imangokhala yokankhana. Poyerekeza nkhani za nkhondo za ku Raphia, Magnesia ndi Pydna ndi mafayilo a gemu ya Rome: Total War, ndaphunzira kuti asilikali osankhika a mafumu amene analowa m'malo mwa Alexander sankaposa anzawo kwenikweni pa zida. Ankawaposa pa kuphunzitsidwa ndi pa kusathawa, ndipo anali ochepa, ovuta kuwabwezeretsa akafa. Zitatu zimenezi ndi zofunika kulowa m'manambala.

Tiyambe ndi kuchuluka kwawo. Ku Raphia, mu 217 BC, Antiochus III, mfumu ya ufumu wa Seleucus, anali ndi asilikali oyenda pansi 62,000. Wolemba mbiri wachigiriki Polybius akuti mwa amenewa, 10,000 anasankhidwa kuchokera mu ufumu wonse, ananyamula zida za Chimakedoniya, ndipo ambiri mwa iwo anali argyraspides, kutanthauza a zishango zasiliva. Ndiye kuti mmodzi pa asilikali asanu ndi mmodzi alionse. Pa malo 20, amenewa ndi magulu atatu basi. Kumbali ya mdani wake, Ptolemy IV wa ku Egypt, kunali kothina kuposa apo: agema, gulu la mfumu, inali ya anthu 3,000 pa oyenda pansi 70,000, choncho gulu limodzi likukwana.

Vuto ndi lakuti gemuyi ilibe poikira malire a chiwerengero cha gulu, ndiye malirewo muwamange mozungulira. Mu descr_regions.txt patsani chigawo cha Antioch (likulu la ufumu wa Seleucus) chokha hidden_resource, chizindikiro chobisika, yanuyanu, kenako mu export_descr_buildings.txt lembani kuti gululi lizilembedwa ntchito pokhapokha pamene pali chizindikirocho ndi nyumba ya asilikali ya mlingo wapamwamba. Pa mzere wa stat_cost, nambala yoyamba ikhale 2, kuti lizitenga maulendo awiri a kusewera (turns) lisanatuluke, ndipo ndalama zolisamalira zikhale kuwirikiza kawiri za phalanx wamba (phalanx ndi gulu lothithikana la asilikali a mikondo yaitali). Ubwino waukulu wa njirayi uli apa: gulu limabwezeretsedwa anthu mu mzinda wokhawo umene ungalilembe ntchito. Zishango Zasiliva zikataya theka la anthu ku malire a Egypt, ziyenera kuyenda ulendo wonse wobwerera ku Antioch. Wosewera amayamba kuziumira, n'kumaganiza kawiri asanaziponye kutsogolo.

Tsopano mkondo, umene ndi mtima wa nkhani yonse. Polybius akufotokoza kuti sarissa, mkondo wautali wa Chimakedoniya, poyamba inali mikono 16, koma imene ankagwiritsa ntchito inali mikono 14, mamita opitirira pang'ono 6. Mikono inayi inkathera m'manja ndi kumbuyo, khumi n'kutulukira kutsogolo. Munthu aliyense ankaima pamalo a mapazi atatu, choncho nsonga za mizere isanu yoyambirira zinkatulukira kutsogolo kwa munthu woyamba. Oima kuyambira mzere wachisanu ndi chimodzi ankapendeketsa mikondo yawo pamwamba pa mapewa a anzawo kuti itchinge mivi, iwo n'kumakankha ndi thupi. Msilikali wachiroma, amene ankafuna malo aakulu oti azunguzirepo lupanga, ankapezeka atayang'anizana ndi anthu awiri ndi nsonga khumi.

Mu export_descr_unit.txt zimenezi zikutanthauza zinthu zingapo. Pa stat_pri_attr pakhale long_pike. Pa formation, nambala yoyamba, ya mpata wa pakati pa munthu ndi mnzake wa pambali, ikhale 1, chifukwa mapazi atatu ndi pafupifupi mita imodzi. Kuzama kwake n'kumene kumafuna nzeru. Syntagma yeniyeni, kagulu ka mu phalanx, inali anthu 256, mizere 16 ya anthu 16. Fayilo imalola anthu osapitirira 60, amene amakhala 240 mukasankha magulu aakulu kwambiri. Mukawaika mizere 16, kutsogolo kumatsala anthu 15 okha, ndipo gulu lililonse la adani limawakuta m'mbali zonse. Ine ndimaona kuti mizere 8 ndi yabwino: kutsogolo kukhala anthu 30, nsonga zisanu zija zilipobe. Nambala ya kumenya isasiyane kwambiri ndi ya phalanx wamba. Kuwonjezera 1 kapena 2 n'kokwanira, poti mkondo ndi womwewo.

Pali chilema china chodziwika: adani akangoyandikira, asilikali a mikondo mu gemuyi amafulumira kusolola malupanga, mpanda wa nsonga uja n'kugwa. Ena amachotseratu lupanga pa stat_sec. Zimathandiza kutsogolo, koma gululo limasanduka lovuta kuligonjetsa ngakhale litazingidwa, zomwe si zoona. Ndi bwino kulisiya lupanga koma lofooka, lotsika ndi 3 kapena 4 poyerekeza ndi la Mroma.

Za zovala, ojambula amakonda kuveka aliyense chapachifuwa chamkuwa chonyezimira. Mwala wa ku Amphipolis, wa m'nthawi ya Philip V, mfumu ya ku Macedonia, uli ndi malamulo a chindapusa, mu ndalama za Agiriki, kwa msilikali wosowa chida: maobolo awiri pa chisoti, atatu pa sarissa, atatu pa lupanga, awiri pa zoteteza miyendo, dalakima imodzi pa chishango. Chapachifuwa chotchedwa thorax chikutchulidwa pa akuluakulu okha. Malamulowa ndi a ku Macedonia, osati a ufumu wa Seleucus, komabe akutichenjeza kuti tisamwaze zitsulo paliponse. Chishango chakenso chinali chaching'ono, cha masentimita pafupifupi 60, chokolekedwa ndi lamba kuti manja onse awiri agwire mkondo. Siliva anali wosonyeza ulemu, sankawonjezera kulimba.

Apa mpofunika kumvetsa manambala atatu a stat_pri_armour. Yoyamba, ya chovala, imateteza mbali zonse. Yachiwiri, ya luso lodziteteza, sigwira ntchito pa mivi kapena pomenyedwa kumbuyo. Yachitatu, ya chishango, imateteza kutsogolo ndi kumanzere. Choncho ukatswiri wa asilikali osankhika uikeni pa nambala yachiwiri. Mukauika pa yoyamba mwapanga gulu losamva kubayidwa kumsana, pamene mbiri yonse ya phalanx ikunena zosiyana. Ku Cynoscephalae, mu 197 BC, gulu la kudzanja lamanja la Philip V linali likupambana mpaka mkulu wina wa asilikali achiroma anatenga timagulu 20 n'kukalimenya kumbuyo. Anthu onyamula mitengo ya mamita 6 sakanatha kutembenuka msanga. Ku Pydna, mu 168 BC, phalanx ya Perseus, mfumu ya ku Macedonia, inakankha Aroma mpaka pa nthaka yokwera ndi yotsika, mzere unang'ambika, ndipo mtsogoleri wa Aroma, Aemilius Paullus, analamula asilikali ake kulowa m'mipatamo timagulutimagulu. Pa stat_ground mungathe kuwachotsera 2 m'zitsamba ndi 4 kapena kuposa m'nkhalango.

Malo oti muwolowe manja ndi stat_mental. Ku Pydna komweko, ena onse atabalalika, asilikali osankhika 3,000 anakhalabe m'mizere yawo mpaka anaphedwa onse. Ichi ndiye chimene wosewera akulipira. Apatseni disciplined ndi highly_trained, ndipo kulimba mtima kupose kwa phalanx wamba ndi 4 kapena 6. Gulu lotere likamenyedwa m'mbali limafa ngati lina lililonse, koma limachedwa kuthawa, ndipo mphindi zimenezo ndi zimene okwera pamahatchi amafuna kuti azungulire.

Nkhani ya Zishango Zasiliva zoyambirira, za Eumenes wa ku Cardia, mmodzi wa atsogoleri amene anamenyana Alexander atamwalira, imandikhudza mwapadera. Anali anthu 3,000, ambiri a zaka zopitirira 60, otsala a nkhondo za Philip II ndi mwana wake Alexander. Ku Gabiene anaphwanya phalanx ya Antigonus, koma okwera pamahatchi a Antigonus analanda msasa mmene munali akazi awo, ana awo ndi chuma cha moyo wawo wonse. Kuti abwezeredwe zimenezi, anapereka Eumenes m'manja mwa mdani. Ngati gemu yanu imalola kulemba zochitika, kulandidwa kwa msasa kuzigwetsa kukhulupirika kwa gulu lotere.

Okwera pamahatchi ndingowakhudza pang'ono. Ku Magnesia, kumapeto kwa 190 BC, Antiochus III anali ndi kataphraktoi 3,000 mbali iliyonse, munthu ndi hatchi yemwe atavala zitsulo. A kumanja anathyola mzere wa Aroma mpaka kukafika pa msasa wawo. A kumanzere anasokonezedwa ndi magaleta awo omwe a zikwakwa, amene mahatchi ake anachita mantha ndi mivi ndi miyala ya asilikali a Eumenes II (mfumu ya ku Pergamon, imene inali kumbali ya Aroma) n'kubwerera m'mbuyo. Choncho kataphraktoi apatseni nambala yaikulu ya kugunda koyamba, yotsika ya kumenyana kwa nthawi yaitali, kutopa msanga kumalo otentha pa stat_heat, ndipo magaleta akhale ndi can_run_amok, kuti azitha kulusa n'kuponda anzawo omwe. Ojambula akumbukire kuti nthawi imeneyo kunalibe zopondera mapazi pa chishalo. Asilikali 5,000 a ufumu wa Seleucus ovala ngati Aroma anaonekera pa perete wa ku Daphne cha m'ma 166 BC, mu ulamuliro wa Antiochus IV, kotero asapezeke kumayambiriro kwa gemu.

Mukamaliza, yesani katatu, ndipo chiyeso chilichonse mubwereze kasanu chifukwa zotsatira zimasinthasintha. Pa nthaka yosalala, maso ndi maso ndi gulu limodzi la principes (asilikali achiroma a malupanga), Zishango Zasiliva zipambane zitataya anthu osapitirira mmodzi pa anayi. M'nkhalango, ndi mdani yemweyo, zigonje kapena zipulumuke movutikira. Kenako zigwireni kutsogolo ndi gulu lotchipa, lina lizimenye kumsana: zife ndithu, koma zikhale zomaliza kuthawa. Zikapambana chiyeso chachitatuchi, tsitsani nambala yoyamba ya stat_pri_armour ndi 2, osakhudza zina, muyesenso.