Zomwe Slim anachita ndi piritsi la malungo

M'phunziro la utsogoleri lomwe ndikuchita pano tinafunsidwa kuti n'chiyani chimalimbitsa msilikali kunkhondo. Anzanga ambiri anathamangira ku malipiro ndi zida. Ine mtima wanga unakakamira pa nkhani ya General William Slim, yemwe anayamba kutsogolera gulu la nkhondo la Britain lotchedwa Fourteenth Army mu 1943, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, asilikali ake atathamangitsidwa ndi a Japan kuchoka ku Burma mpaka ku India chaka cha 1942.

Slim anapeza gulu lofooka mawondo, lokhulupirira kuti m'nkhalango Mjapani sagonjetseka. Koma chomwe chinkawatha kwenikweni si chipolopolo ayi. Mu 1943, pa msilikali mmodzi wochotsedwa kunkhondo chifukwa chovulala, pafupifupi 120 ankachotsedwa chifukwa cha matenda, makamaka malungo ndi kamwazi. Mankhwala oteteza malungo analipo, piritsi lotchedwa mepacrine, koma anyamata ankalitaya. Linkasandutsa khungu kukhala lachikasu, ndipo panali mphekesera yoti limapha mphamvu za abambo. Ndani angameze chinthu chotere tsiku ndi tsiku popanda womuyang'anira?

Apa m'pamene ndinamugomera. Slim sanalimbane ndi msilikali wamba, ndipo nkhaniyi sanawasiyire madokotala. Anayamba kutumiza oyeza modzidzimutsa m'magulu, ndipo gulu likapezeka kuti omwa mankhwala sakukwana 95 pa 100 alionse, mkulu wa gululo ankachotsedwa paudindo. Anachotsa atatu okha, enawo anamva. Kuyambira pamenepo piritsi linkamwedwa pa perete, ofisala ali poteropo kuonetsetsa kuti lamezedwadi, ndipo dzuwa likamalowa aliyense ankatsitsa manja a malaya kuopa udzudzu. Pofika 1945 odwala anali atachepa kwambiri.

Ndikamawerenga za chikhalidwe cha gulu m'manotsi athu, mawu ake amamveka akuluakulu. Pano ndikuchiona ngati zomwe sajeni amalola ndi zomwe salola m'mawa uliwonse. Ofisala akanyalanyaza piritsi, mawa anyalanyaza mfuti yosapukuta, mkuja mlonda wogona pa ntchito. Msilikali amaona zonsezi, ndipo amadziwa msanga ngati moyo wake uli ndi mtengo kwa omulamulira.

Mantha oopa Mjapani Slim anawachiza mwa njira ina. Ankatumiza magulu oyendera m'nkhalango ndi kuukira timisasa ting'onoting'ono ta adani ndi asilikali ochuluka kuposa ofunikira, kuti anyamata alawe kupambana. Ankayenda gulu ndi gulu, kukwera pa boneti ya jipi n'kufotokoza chomwe akumenyera nkhondoyo, ndipo asilikali a ku India ndi a Gurkha (ochokera ku Nepal) ankawalankhula m'zilankhulo zawo. Chakudya chikachepa kutsogolo, nayenso ndi a kulikulu lake ankadya theka. Chimenechi chimandikhudza kuposa zonse, chifukwa n'chosavuta kuchita koma ndi atsogoleri ochepa amene amachilola.

Nkhaniyi si ya kutali ndi ife. Asilikali a Keyala (King's African Rifles) ochokera ku Nyasaland anali mu 11th East African Division, yomwe mu 1944 inatsata a Japan m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yosalekeza, m'matope ndi m'malungo, mpaka kukafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin mu December chaka chomwecho. Pomwe magalimoto atitimira, katundu ankamusenza pamutu.

Pamenepa mpamene pali funso lomwe ndikufuna kulembapo mu asainimenti yanga. Amuna amenewa anali a dziko lolamulidwa ndi atsamunda, ankalandira ndalama zochepa kuposa azungu, ndipo Burma sinali kwawo. Mfundo yoti msilikali amalimba chifukwa chokonda dziko lake siikwanira kuwafotokoza. Ndikuganiza kuti ndiyambire pa masajeni achikuda omwe ankadya nawo, kugona nawo ndi kuwamasulira malamulo m'Chinyanja.