Musanalembe direct kapena inverse, yambani mwapeza k

Pa masamu, ophunzira ambiri amangoloweza kuti zinthu zikamakwera limodzi ndiye direct variation, china chikamakwera pamene chinzake chikutsika ndiye inverse. Zimenezi sizokwanira, ndipo n'zimene zimawagwetsa pamayeso. Chofunika kuyang'ana ndi nambala imene siisintha, ija timailemba kuti k.

Pa direct variation, y = kx, kutanthauza k kuchulukitsa ndi x. Gawani y iliyonse ndi x yake, yankho lizibwera lomwelomwelo. Akakupatsani kuti y ndi 12 pamene x ndi 4, lembani 12 = k × 4, mupeza kuti k ndi 3. Bwezerani 3 pamalo a k, mukhale ndi y = 3x. Tsopano x ikakhala 10, y ndi 30. Osadumpha mzere wa y = 3x, chifukwa mafunso onse otsatira amadalira mzere umenewu. Galafu yake ndi mzere wowongoka wodutsa pa ziro, ndipo kudutsa pa ziroko n'kofunika kwambiri.

Onani Celsius (C) ndi Fahrenheit (F), miyezo iwiri ya kutentha. Zimakwera limodzi, galafu yake ndi yowongokanso. Koma 10°C ndi 50°F, pamene 20°C ndi 68°F, osati 100°F. Mukagawa F ndi C mupeza 5, kenako 3.4. Chasokoneza ndi 32 wa mu F = 1.8C + 32, amene amachititsa kuti mzere usadutse pa ziro. Imeneyi si direct variation ayi.

Pa inverse variation, y = k/x, kutanthauza kuti x kuchulukitsa ndi y sizisintha. Tengani ulendo wa makilomita 120. Pa liwiro la makilomita 40 pa ola mutenga maola 3, pa 60 maola 2, pa 80 maola 1.5. Chulukitsani: 40 × 3, 60 × 2, 80 × 1.5, zonse 120. Taonani bwinobwino apa: kuchoka pa 40 kufika pa 60 mwapulumutsa ola lathunthu, koma kuchoka pa 60 kufika pa 80 mwangopulumutsa theka la ola, chonsecho konseku mwawonjezera 20. N'chifukwa chake galafu yake imakhota: imatsika mofulumira koyamba, kenako n'kumatsetsereka pang'onopang'ono, osakhudza ziro. Amene amaganiza kuti kuwonjezera uku n'kuchotsera uko amalakwa pomwepa. Lamulo lake n'lakuti mukachulukitsa x ndi 2, y mugawe ndi 2. Liwiro likakwera ndi 25 peresenti, nthawi imatsika ndi 20 peresenti yokha, pakuti 1 kugawa ndi 1.25 ndi 0.8.

Kandulo yotalika masentimita 20 imene ikutha masentimita 2 pa ola imafupika nthawi ikamapita: 18, 16, 14 pakatha ola 1, maola 2 ndi maola 3. Koma 1 × 18, 2 × 16 ndi 3 × 14 zikupereka 18, 32, 42. Palibe k pamenepa, choncho si inverse. Chitsanzo chenicheni ndi lamulo la Robert Boyle la mu 1662: mpweya ukapanikizidwa kuti ukhale m'theka la malo ake, mphamvu yake yokankha imawirikiza kawiri, bola kutentha kusasinthe.

Pomwe ndimaona kuti pamafunika kudekha kwambiri ndi pa masikweya. Funso likati y varies inversely as the square of x, lembani y = k/x², pamene x² (sikweya ya x) ndi x × x. Ngati y ndi 9 pamene x ndi 2, k ndi 9 × 4, imene ndi 36, osati 18. X ikafika 6, y ndi 36 kugawa ndi 36, yankho 1. Yesani ndi maso: x yachulukitsidwa ndi 3, ndiye y iyenera kugawidwa ndi 9. Woyiwala sikweya apeza 3.

Samalaninso miyezo. Ngati k munaipeza ndi maola, mphindi 30 muziilowetsa ngati 0.5, osati 30.